Pepala Lokulungira Mchere

Paulina anayala pepala long'ambidwa m'kope patebulo la aphunzitsi a Feliciano, mchere udakali m'mapindo mwake. Mcherewo anali atagula kwa akazi a aphunzitsiwo pamsika wa Tsangano.

Chingelezi chomwe chinalembedwa papepalapo sankachidziwa, koma anazindikira dzina la mwamuna wake, yemwe zigawenga zinamutenga Lachiwiri.

"A Zacarias akufunanji m'kope mwanu?"

"N'zophunzirira chabe, mayi. Ndikufuna kukapeza ntchito ku Malawi. Phunziro lake ndi la ziganizo zofotokoza munthu, ndiye ndimangotola maina a anansi."

"Tandiwerengereni m'chilankhulo chathu."

Aphunzitsi anawerenga. "Zacarias, amene amabisa ng'ombe kudambo, ndi mnansi wanga."

Paulina anakumbukira kuti anthu amfuti aja sanafunse njira kwa aliyense. Anangolunjika kudambo.

"Mapepala enawo ali kuti?"

"Akazi anga akhala akukulungiramo mchere kuyambira mwezi watha."

Paulina anatsitsa chala pamzere wotsatira, pomwe panali dzina lina lomwe ankatha kuliwerenga.

"Apa mwalemba Paulina. Paulina amene watani?"

Aphunzitsi anangoyang'ana kukhomo.