Makina Osadziwa Malume

"Malume palibepo apa," anatero Eneya akukanda foni ndi chala. "Pali bambo, mayi, mkazi ndi mwana basi."

Kampani yawo yaikulu yopanga mapulogalamu a kompyuta inali itawachotsa ntchito a Consolata, omwe ankapereka tchuthi pa nthambi ya ku Mchinji, ati kupulumutsa ndalama. Tsopano tchuthi cha maliro ankachipempha kwa makina. Koma womwalira ku Mavwere anali malume ake, amene anamulera.

"Dinani pa bambopo, achimwene," anatero mnzake Sauda. "Makina amafika kumanda?"

Eneya anadina, tchuthi n'kutuluka pompo.

Kumanda, anthu ali mkati mokwirira, bambo ake omubereka anamukoka malaya n'kumupatsa foni yawo yong'aluka galasi.

"Iwe wophunzira, tandiwerengera Chizunguchi."

Eneya anawerenga chamumtima. Kampani inali itawachotsa bambowo pa thandizo la chipatala lomwe linkawagulira mankhwala a shuga, poti malinga ndi makina aja tsopano ndi malemu.

"Akuti chiyani?"

"Akupepesa malirowa, bambo."

"Ndi aulemu mabwana akowa," anatero mkuluyo akubweza foni m'thumba. "Mpaka kundikumbukira ine!"