Jeke Itatsetsereka

Jeke itatsetsereka, galimoto inatsika n'kukhala pachifuwa pa Gaffar. Sipanala inamupulumuka m'manja.

Galimotoyo inali folobayifolo yakale imene ankaiika masipuling'i aatali yekha kuseri kwa nyumba ya lendi m'tauni ya Nigel, m'dziko la eni, kuti idzapirire misewu ya kwawo ku Namwera. Tsopano ankangoona dzimbiri, ndi dontho la oyilo likulendewera pamwamba pa diso lake.

"Mayi a Sabra!" Mawu anatuluka ngati a mwana.

Mkazi wake Zuleikha anatulukira thovu la sopo lili m'manja. Ataona miyendo yokha, anakuwa n'kuthamangira foni.

"Musaimbe," anatero Gaffar movutikira. "Ambulansi ibwera ndi mafunso, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno anatha. Imikani jeke pansi pa chitsulo ichi, muzipopa."

Zuleikha anagwada pafumbi. Chogwirira chinkaterera ndi sopo, koma anapopabe uku akutchula dzina la Allah. Galimoto inakwera pang'ono, mpweya n'kulowa m'chifuwa ngati mpeni. Gaffar anayesa kudzikoka, msana unakana. M'kamwa munadzaza magazi.

"Ndikokeni miyendo. Ndigona m'nyumba, mawa ndidzuka bwino."

Zuleikha sanamukhudze. Anapukuta manja pachitenje, natola foni.

"Mayi a Sabra, adzandibweza kumudzi!"

"Akubwezeni," anatero mkaziyo, foni ili kale pakhutu. "Amayi anu akakulandireni mukupuma, osati m'bokosi."

Gaffar anatsinzina, akumva mkazi wake akutchula dzina la msewu wawo m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti asasochere.