Nkhope Yopserera Pakhoma

Filimu yakaleyo inakodwa m'makina oonetsera, nkhope ya mtsikana wovina n'kuima pakhoma. Filimuyo inali yokhayo yotsala.

Kamera ili paphewa, ndinkajambula mayi okalamba amene anavina mufilimuyo. Zaka zonse zimene ndafufuza mbiri ya makanema, ndinkasaka mphindi ngati iyi, munthu akudziona ali mtsikana.

Fungo la chinthu chopserera linandifika m'mphuno. Makinawo anali kumbuyo kwa chipinda, ndipo tinalimo awiriwiri.

"Mwanangu, bwanji ndaima?" anafunsa mayiwo, maso ali pakhoma.

Banga lofiirira linatuluka patsaya la mtsikanayo n'kuyamba kukula. Mayiwo anagwira tsaya lawo.

Mtima unkati thamanga ukazimitse makinawo. Koma diso langa silinachoke pakamera.