Mbale ya Makaniko Wamkulu

Mbale inamenya khoma la kantini, nyemba n'kumwazika pansi. Amuna onse a pagalaja anasiya kutafuna.

Makaniko wamkulu anavula chipewa n'kuweramitsa mutu kuti aliyense aone. Paliwombo panali zigamba zosalala ngati dzira, khungu litafiira ndi kukanda. Tsitsi linkatsalira m'chipeso, papilo, ngakhale m'kolala ya ovololo.

Adokotala anali atamuuza kuti thupi lake likutupa m'kati mwakachetechete, ndipo akapanda kusiya zokazinga, shuga, fodya ndi kuchezera ku mowa, tsitsilo litha lonse. Iye anangoseka. Mkazi wake atayesa kuchepetsa mafuta kunyumba, anamukalipira mpaka nkhaniyo inafera pomwepo, iye n'kuyamba kudyera kuntchito.

Koma kuntchitonso zinthu zinatembenuka. Anzake ankalandira tchipisi ndi soseji zonona. Iye ankalandira nyemba, masamba ndi nsomba yowiritsa, mbale yake yotuluka payokha kukhitchini, yovundikira. Chifukwa chake ankachidziwa: chimutukwanire pagulu mayi wophika pakantinipo, mayiyo sankamupatsanso moni.

"Mayi inu, mukundithirira chiyani m'chakudyamu?" anakuwa makaniko. "Mukufuna ndiziyenda ngati nkhuku yososola?"

"Samalani pakamwa panupo, bambo," anayankha mayiyo, chikombe chili m'manja. "Dazi lanulo musandikolowekere ine."

Phokosolo linatulutsa bwana mu ofesi. Anayang'ana nyemba pansi, mutu wa makaniko, kenako mayiyo.

"Mayi, n'zoona kuti chakudya cha bambowa chimakhala chapadera?"

Mayiyo analuma mlomo.

"Ndikufunsa inu."

"N'zoona, bwana."

"Chifukwa?"

Kumabenchi anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anakankhira kutali mbale yake.

"Vulani epuloniyo," anatero bwana. "Pano ntchito yatha."

Makaniko anapukusa mutu, mtima usanaphwe. "Achoke! Nyansi zimenezi ngakhale galu sanganunkhize. Wophika zotere ndi mfiti yotheratu. Ndikanakhala mwamuna wake, bwenzi nditamulongedzera katundu kalekale."

Mayiyo anamasula epuloni pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo. Anamuyang'ana makaniko m'maso.

"Ndiye kalongedzeni, bambo. Ine ndimangotenthetsa. Chakudyachi amaphika ndi akazi anu. Amadzasiya m'mawa uliwonse pakhomo lakuseri, n'kundigwadira kuti ndisakuuzeni."