Matalala a ku Nambuma

Chigamba chofiira chinatulukira pa kompyuta cha m'ma thu koloko masana, chikukwawira ku Nambuma. Ellen anasendeza mpando.

Ntchito yake mu kaofesi ka zanyengo kufupi ndi Chitedze inali yowerenga rada, makina osuzumira m'mitambo. Radayo sinkangonena kuti kukubwera mvula ayi, inkaonanso maumbidwe a chimene chikugwacho. Dontho la mvula likamagwa limaphwatalala ngati chitumbuwa, pomwe matalala amabwera akugubuduzika, mbali zonse n'chimodzimodzi. Ellen anatsegula chithunzi chachiwiri. Pakati pa chigambacho panalibe chophwatalala.

Anaitana a Lazaro, mkulu wa ofesiyo. Iwo anatsitsa magalasi n'kuvomereza kuti analidi matalala, osati timatalala tamasewera, ndipo ola silitha asanafike. Anamuuza kuti alembe uthenga wa pafoni kwa alimi onse, aphimbe nazale zawo ndi udzu ndi mphasa msangamsanga.

Ku Nambuma, eti! N'kumene kunali nazale ya fodya ya Damiano, mwamuna wake wakale, mbande za chaka chonse, zotsala pang'ono kuwokeredwa. Dimba limenelo Ellen analiswa ndi manja ake, kuthirira ndi kheni mpaka msana kuuma. Koma atapita kukaphunzira zanyengo, pobwera anapeza zovala zake zili m'thumba la feteleza pakhonde, m'nyumba muli mkazi wina, Vanessa. Ndiye taonani, lero lomweli Damiano anali ku Kabudula, kwawo kwa Vanessayo, pa chinkhoswe chawo. Ellen ankadana naye bamboyo ndipo sankabisa. Ankafuna kuti tsiku lina nayenso amve kuwawa, alire pagulu ngati mmene analirira iye.

Uthenga anaulemba, koma sanautumize. Chala chinangoima m'malere. A Lazaro, amene nkhani yonse ankaidziwa, anatsokomola, n'kumukumbutsa motsitsa mawu kuti ku Nambuma kulinso alimi ena amene sanamulakwire kanthu.

Ellen anatulutsa foni yakeyake n'kuimba. Kumene ankaimbako kunkamveka nyimbo ndi nthungululu.

"A Damiano, ndine Ellen. Kukubwera matalala aakulu ku Nambuma. Siyani kaye zimenezo, thamangani mukaphimbe nazale. Uthenga wa ofesi ukupezani pompano, ndalemba ndine."

Bamboyo anakalipa moti ndi a Lazaro omwe anamva. Akuti ku Kabudula dzuwa likuswa mtengo, akuti nsanje idzamupha, akuti ngati akufuna kumudzutsa pa chinkhoswe apeze bodza lina. Anaitananso anthu kuti amve zimene mkazi wosiyidwa wayamba. Kunamveka chiseko, foni n'kuduka.

Apo m'pamene Ellen anatumiza uthenga uja kwa onse. Pa kompyuta chigambacho chinali chikusendera kufupi ndi madimba oyamba.

A Lazaro anamuyang'ana nthawi yaitali, manyazi atawagwira chifukwa chomuganizira zoipa.

"Mwana wanga, undikhululukire. Mtima ngati wako ndi wosowa. Ine sindikanatha."

Ellen anangoti zikomo. Sanawauze kuti Damiano uthenga wa zanyengo ankaumvera kuposa mawu a abusa, moti ukanafika wokha akanalumphira pa njinga yamoto pomwepo. Koma zaka zonse za banja lawo, chimene wanena Ellen, bamboyo ankalolera kufa kusiyana n'kuchichita. N'chifukwa chake anayamba waimba.