Maliro a Mphemvu

Padangokhala, kuseri kwa kabati uko, Mphemvu ndi Khoswe adakangana za amene amakondedwa kwambiri m'nyumbamo.

"Achimwene, kukondedwa kumaoneka pa maliro," adatero Mphemvu. "Taimani muone."

Adakagona chagada pakati pa khitchini, miyendo m'mwamba, ngati wafa. Posakhalitsa namtindi wa nyerere udafika pamzere n'kumunyamula. Mtima wa Mphemvu udangoti myaa. Khoswe akadzafa, adzalipeza kuti khamu lotere?

Koma nyimbo sinkamveka, wolira panalibe. Mphemvu adatsegula diso limodzi.

"Pepani adzukulu, kumandako n'kutali?"

"Kumanda kwa chiyani?" idatero nyerere yakutsogolo. "Anzanga, gwiritsani ndiwozo, zayamba kulankhula!"

Liwiro limene Mphemvu adaliyatsa tsikulo sadalileke mpaka lero.