Dzanja la Malam Tanimu

Panali munthu wina m'tauni ina ya kumapiri ku Nigeria, dzina lake Davou. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Davou anali mlimi wa mbatatesi komanso mkulu wa mpingo. Sanali munthu woipa ayi. Akakolola, matumba oyamba ankapita kwa amayi amasiye. Kukagwa maliro, iye ndiye ankayamba kufika kumanda ndi khasu. Akanena kanthu, anthu sankafunsanso kawiri.

Chaka chimenecho zinthu sizinali bwino. Anthu a mfuti anali ataukira mudzi wina wapafupi n'kupha anthu ambiri, ndipo m'tauni Akhristu ndi Asilamu anayamba kukayikirana. Anthu amene kale ankadyera mbale imodzi ankangopatsana moni wapatali.

M'mawa wina Davou analandira chithunzi pa foni kuchokera ku nambala yosadziwika. Pachithunzipo panali amuna awiri akulowetsa mitolo italiitali yokutidwa ndi masaka m'shopu ya Malam Tanimu, telala wachisilamu wa mumsewu wawo. Pansi pake panalembedwa kuti: "Mfuti zafika. Chenjezani abale."

Anaonetsa mkazi wake, Kachollom.

"Watumiza ndani?" anafunsa mkaziyo.

"Sindikumudziwa. Koma taona wekha."

"Ine ndikuona masaka. Mfuti sindikuziona. Amuna anga, munthu ameneyu takhala naye zaka makumi awiri. Shopu yake si iyo apo? Pitani mukamufunse."

"Ndikamufunse kuti, 'Malam, kodi mwasunga mfuti?' Ndiye akavomera?"

"Ndiye pitani kupolisi. Kapena kwa abusa."

"Apolisi adzafika titaikidwa kale m'manda. Kuchenjeza abale ndi ntchito ya Mkhristu."

"Kunamizira mnansi si ntchito ya Mkhristu."

Davou sanamvere. Anatumiza chithunzicho ku gulu la abambo a mpingo, n'kuwonjezera mawu akeake: "Izi n'zoona, ndikutsimikiza ndine." Kenako anasenza khasu n'kupita kumunda, mtima uli m'malo kuti wapulumutsa anthu.

Pobwerera masana anaona utsi. Chigulu cha anthu chinali chitaphwanya shopu ija n'kuiyatsa moto. Tanimu anayesa kutulutsa makina ake osokera, koma anthuwo anamugwetsa pansi n'kumuphwanya dzanja lamanja ndi chitsulo. Moto utazima, anthu anafukula phulusa kufuna mfuti. Anapeza mipukutu ya nsalu yopserera. Inali nsalu ya yunifomu ya ana a sukulu.

Anthu anabalalika mwakachetechete. Palibe anamuloza chala Davou. Mkulu mnzake wa mpingo anamusisita paphewa n'kunena kuti, "Musadandaule, achimwene. Nthawi zino n'zovuta. Inu mumafuna zabwino."

Koma Davou chakudya chinasiya kulowa. Lamulungu mbale ya Mgonero itafika pamene anakhala, anaipatsira mnzake osatengapo.

Patapita masiku asanu anapita kuchipatala. Anapeza Tanimu atagona, dzanja litakulungidwa mpaka m'chigongono.

"Malam, ndabwera kudzakuonani."

"Khalani pansi, a Davou."

Davou anakhala pansi n'kunena kuti, "Uthenga uja..."

"Ndikudziwa," anatero Tanimu. "Pondimenya paja, mmodzi ankakuwa kuti, 'Wanena ndi Davou, ndipo Davou sanama!' Chithunzi chija akuti chinazungulira masiku atatu, anthu osachilabadira. Chinasowa dzina la munthu wabwino basi."

Davou anagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu. "Ndikhululukireni."

"Ndakukhululukirani. Mulungu wanga amandilamula kutero, ndipo ndikudziwa kuti wanunso amatero. Koma adokotala akuti zala izi sizidzagwiranso singano. Chikhululukiro changa sichingasinthe zimenezo."

Lamulungu lotsatira Davou anaimirira pakati pa mapemphero n'kupempha kulankhula. Anauza mpingo wonse kuti anachitira umboni chinthu chimene sanachione, ndiponso kuti mkazi wake anamuletsa koma iye anakana. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Khalani pansi, mukutichititsa manyazi!" Iye sanakhale. Anati mawa lake apita kupolisi kukanena zonse, ndipo anapitadi.

Zimenezi zinamudanitsa ndi ambiri. Ena ankamutcha wogulitsa abale. Udindo wa mkulu wa mpingo anautula yekha. Atakolola, anagulitsa mbatatesi zake n'kugula malata ndi simenti, ndipo iye ndi Kachollom anayamba kumanganso shopu ija. Sabata yoyamba anali awiriwiri. Sabata yachiwiri kunabwera amayi anayi a mpingo kudzatunga madzi. Kenako kunabwera mmisiri wa matabwa wa kumzikiti, anakhoma zitseko osalankhula ndi munthu.

Shopu itatha, Davou anatenga makiyi kupita nawo kwa Tanimu. Anapeza katundu ali pagalimoto. Banja lonse linali kusamukira kwa mchimwene wake ku Kano.

"Mwamanga bwino," anatero Tanimu. "Koma ana anga sagona. Akamva phokoso pamsewu amathawira pansi pa bedi."

Anapatsa Davou dzanja lamanzere, n'kukwera galimoto. Sanabwererenso.

Phunziro: M'dziko la mavuto lino, zoipa zambiri sizichitika ndi anthu oipa okha, zimadutsanso m'manja mwa anthu abwino amene achita mantha n'kufulumira. Mkhristu asachitire umboni chimene sanaone, ndipo akalakwa avomere poyera n'kukonza zimene angathe, podziwa kuti zina sizikonzeka. Musanatumize uthenga wonena za munthu, pitani mukamufunse. Gawanani nkhaniyi ndi a kumpingo kwanu ndi anansi anu, mwina ingapulumutse dzanja la wina.